Parishi ya Kasungu yakula, nanga tenanti ali pati?

Ife Akatolika tikamakamba za kukula kwa parishi timathamangira kuwerenga njerwa ndi malata: tchalitchi chachikulu, holo, mpanda, galimoto ya abambo mfumu. Ine ndikuti muyeso umenewu ngopotoka, makamaka kuno ku Kasungu kumene ndalama ya m'mbale ya chopereka imanunkha fodya.

Tiyambe takumbutsana kumene tachokera. Kuno anayamba kufika ndi anzathu a CCAP, ndipo mishoni yawo ya Chilanga ndi mboni. Ansembe a chipani cha White Fathers, amene anakhazikika ku Mua m'chaka cha 1902, anachedwerapo kufika kuno, ndipo anatsegula mishoni ya Chiphaso m'zaka za m'ma 1930. Tauni itayamba kukula, mpingo unafunikanso pa boma penipeni, ndiye parishi ya St Joseph imene tikuidziwayi, yomwe ili mu arkidayosizi ya Lilongwe. Ansembe a chipani cha Ajezuiti atabwera kudzatumikira parishiyi anamanganso sukulu ya sekondale ya Loyola, yomwe inatsegulidwa mu 2015. Zonsezi n'zonyaditsa, ndipo sinditsutsa.

Koma kodi chinakulitsa tauniyi n'chiyani? Tisanamizane, ndi fodya. M'zaka za m'ma 1970, pa nthawi ya Dr Kamuzu Banda, maesiteti anafalikira m'chigwa chonsechi: a Press, a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority, ndi a anthu ena amene anali pafupi ndi mphika. Fodya safuna manja ochepa. Ndiye malole ankapita kukatenga anthu ku Mulanje, ku Thyolo ndi ku Phalombe, kumene malo olima anachepa kalekale kamba ka minda ya tiyi. Ambiri mwa iwo anali Akatolika obatizidwa m'mamishoni a ansembe a Montfort. Anabwera ndi khasu, mphasa ndi korona m'thumba. Mabenchi a matchalitchi athu sanadzaze ndi eni nthaka okha ayi, anadzazanso ndi alendo amenewa.

Moyo wa tenanti tonse tikuudziwa. Amayamba ndi nazale dzuwa likuswa mtengo, kuwokera, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, mpaka kudinda mabelo. Chimanga chimene amadya chaka chonse amachita kukongola kwa bwana. Fodya akagulidwa ku okushoni ya Chinkhoma kapena ku Kanengo, bwana amayamba wadula ngongole zija, ndipo nthawi zambiri chotsala sichikwana ngakhale thiransipoti yobwerera kumudzi. Munthu wotereyu Lamulungu amakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi, ngati wapatsidwa n'komwe mpata wobwera.

Apa mpamene ndimakumbukira malemu Ambuye Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972. Pa sinodi yaing'ono ya 1973 mpaka 1975 iwo anaphunzitsa kuti mpingo uyambire m'miphakati, kumene akhristu oyandikana nyumba amapemphera limodzi, kuyendera odwala ndi kuikana maliro. Ankafuna mpingo wodzitumikira wokha, wodzifalitsa wokha ndi wodzidalira pa chuma. Boma la nthawi imeneyo linaona ngati miphakati ndi timagulu ta ndale, ndipo mu 1976 iwo anakakamizidwa kuchoka m'dayosizi yawo. Taonani, abale, munthu anavutikira miphakati chotere, ife lero n'kumaiona ngati kalabu yotolerera ndalama za Paper Sunday basi!

Kwa ine, parishi yakula ngati mphakati wafika m'makomboni a pa esiteti, kumene nyumba zake ndi zaudzu zomata mwachangu. Yakula ngati mlendo wochokera ku Phalombe akamwalira, akhristu amuika mwaulemu osayamba afunsa khadi la mtulo. Munthu amene amagwira ndalama kamodzi pa chaka, kapena osaigwira n'komwe, mtulo wa mwezi ndi mwezi autenga kuti? Yakulanso ngati m'bungwe la parishi muli mawu a anthu amenewa, osati a eni magolosale ndi eni maesiteti okhaokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: tchalitchi cha matailosi chimene theka la akhristu ake limachita nacho manyazi kulowa chifukwa cha zigamba, chimenecho sichinakule, changotupa.

Ndikudziwa kuti ena anena kuti mpingo si bungwe la apantchito, ndipo eni maesiteti nawonso ndi akhristu, ndiwo amagula malata ndi simenti. N'zoona, ndipo tiwathokoze. Ambiri a iwo nawonso amalira mitengo ya ku okushoni ndi ngongole za feteleza. Koma tisaiwale kalata ya maepiskopi imene inawerengedwa m'matchalitchi onse pa 8 March 1992. Kalata imene ija sinakambe za ufulu wolankhula wokha, inadandaulanso za malipiro ochepa ndi phompho la pakati pa olemera ndi osauka. Ngati maepiskopi analankhula pamene kutero kunali kuika khosi pa mpeni, ife tiope chiyani lero?

Ndiponso lamulo lili kumbali yathu. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ntchito ndi kuthetsa utenanti, kuti wogwira ntchito pa esiteti azilandira malipiro monga wantchito wina aliyense. Koma lamulo la papepala silidziyendera lokha kukafika kumunda. Komiti ya Chilungamo ndi Mtendere ya parishi ilimasulire m'Chichewa chomveka, ikaliwerenge m'nthambi ndi m'miphakati, pamaso pa bwana ndi wantchito yemwe. Akatekisiti ndi amayi a mabungwe, amene amadziwa khomo lililonse, aziona ana amene asowa kusukulu nyengo yosoka fodya. Mwana amene wasiyira sitandade 4 chifukwa cha chigafa sadzaponda pa geti la Loyola, ngakhale sukuluyo ikhale yokongola chotani.

Chomaliza, tisamange tsogolo la parishi pa fodya yekha. Dziko lathu linavomereza mu 2023 pangano la bungwe la WHO lochepetsa kusuta, ndipo alimi ambiri ayamba kale kuyang'ana ku soya ndi mtedza. Tsiku lina magalimoto a mabelo adzachepa pa msewu wa M1. Chimene chidzatsale ndi anthu amene tinawalandira bwino, ndi ana awo amene adzatcha Kasungu kwawo. Akuluakulu a parishi, pa msonkhano wanu wotsatira, musanakambe za mpanda watsopano, yambani mwafunsana kuti ndi miphakati ingati imene ili pa maesiteti, ndipo abambo anakawerengako Misa liti.