Kalata Yotseguka kwa Nduna ya Maboma Ang'onoang'ono: Gawo la CDF Lifike m'Manja mwa Eni Mudzi

Olemekezeka a Nduna,

Mu Meyi 2025 bwalo lalikulu la milandu, pa nkhani imene bungwe la makhonsolo la MALGA linakasuma, linagamula kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo asamayendetse thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, poti ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza mmene boma likuwonongera ndalama. Chiyambire pamenepo mkangano wakhala pakati pa phungu ndi khonsolo, ngati kuti m'dziko muno mulibe wina woyenera kugwira ndalamazi. Eni chitukuko, amene amatunga pa mjigo ndi kuwoloka mtsinje ndi mwana kumsana, satchulidwa n'komwe. Pempho langa ndi lakuti unduna wanu upatule gawo la thumbali, ngakhale laling'ono, likhale ndalama zochepazochepa zolowa mwachindunji mu akaunti ya komiti yosankhidwa pa msonkhano wa mudzi, pa ntchito imene anthuwo aisankha okha kudzera ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC).

Thumba la CDF linayamba mu 2006 ndi ndalama zochepa, koma pofika 2024 dera lililonse la phungu linkapatsidwa K200 miliyoni. Thumba likamakula, ntchito zimene limagwira zimakulanso, ndipo zimafuna kontrakitala, mapepala a tenda ndi mwambo wodula riboni. Zimene zimatsalira ndi zija zosaoneka pa chithunzi: mjigo wa Afridev umene wafa chifukwa cha mphira ndi mipiringidzo yotha, denga la sukulu ya mkombaphala limene linasasuka ndi mphepo, kalavati yokokoloka, chimbudzi cha atsikana pa pulaimale, kanyumba kochitira sikelo ya ana. Palibe kontrakitala wa m'tauni amene angawotche mafuta kupita kwa nyakwawa wakutali kukagwira ntchito yotere pa mtengo wake weniweni, ndipo akapita ndiye kuti mtengowo wakwezedwa. Pamene mapepala akuzungulira m'maofesi, ndalama imaguga. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ntchito iliyonse imene inkadikira siginecha inapezeka kuti simenti ndi malata ake sizikukwananso.

Dziko lino linayesapo kale njira imene ndikunenayi. Maphunziro a pulaimale atakhala aulere mu 1994, ana m'sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ambiri ankaphunzirira pansi pa mtengo. Ndondomeko ya chitukuko ya MASAF, imene inakhazikitsidwa pakati pa zaka za m'ma 1990 ndi ngongole ya World Bank, inkalola mudzi kusankha komiti, kutsegula akaunti ku banki, kugula zipangizo ndi kulemba amisiri. Anthu ankasonkha njerwa, mchenga ndi miyala, ndipo ndalama zinkabwera m'zigawo: chigawo chachiwiri sichinkatuluka komiti isanaonetse malisiti a choyamba. Midadada yambiri ya makalasi imene ana akuphunziriramo lero inamangidwa motero. Ngakhale panopa boma limatumiza ndalama zotukulira sukulu ku akaunti ya sukulu iliyonse, ndipo komiti ya makolo imasainira nawo. Ngati boma limakhulupirira makolo pa ndalama za choko ndi zitseko, n'chifukwa chiyani likuwakayikira pa ndalama za mjigo umene uli kuseri kwa sukulu yomweyo?

Akuluakulu a m'maofesi adzakuuzani kuti anthu akumudzi sadziwa kusunga mabuku ndipo adzaba. Ena adzabadi, palibe chobisa. Koma mabiliyoni a Cashgate mu 2013 anatulukira ku Capital Hill, kudzera pa makompyuta a boma, m'manja mwa anthu ophunzira kwambiri za kawerengedwe ka ndalama. Malipoti a mkulu wolondoloza chuma cha boma nawonso akhala akutchula ndalama za CDF zopanda malisiti, pomwe ndalamazo sizinadutse m'manja mwa komiti ya mudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wakuba wa ku likulu sadziwika kwa amene wawabera, pamene msungichuma wa komiti amakumana ndi anthu ake pa maliro, kutchalitchi ndi kumzikiti, ndipo akagula njinga yamoto mwezi umene simenti yasowa, mudzi wonse umadziwa. Za mabuku nazo si zachilendo. Amayi a banki mkhonde amalemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja sabata ndi sabata, n'kugawana pakutha pa chaka popanda wochokera ku boma. Chimene unduna ungawonjezere ndi malamulo ochepa omveka: osainira atatu, mmodzi mwa iwo akhale mayi, mfumu isakhale wosainira, ndalama zolandiridwa ndi zogulidwa zimatidwe pa bolodi m'chiyankhulo cha deralo, mogwirizana ndi cholinga cha lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020.

Chitsutso chimene ndikuchiona cholemera ndi china. Kusonkha kwa mudzi kumasanduka thangata mosavuta. Mfumu ikalamula kuti banja lililonse litute mchenga, otuta amakhala amayi ndi osauka, pamene wa golosale amatumiza waganyu, ndipo wokana amaopsezedwa kuti dzina lake lichotsedwa pa mndandanda wa feteleza. Komanso malamulo a zomangamanga a 2018 analetsa njerwa zowotcha pa nyumba za boma pofuna kuteteza mitengo, kotero chopereka chachikulu cha masiku a MASAF sichingabwererenso. Apa yankho ndi kuleka kuyesa chikondi cha anthu pa chitukuko ndi thukuta laulere. Ndalamazo zikwanire kulipira mmisiri ndi womuthandiza a m'mudzi momwemo, ndipo gawo la mudzi likhale kusankha ntchito, kupereka malo, kuyang'anira ndi kusamalira chomangidwacho. MASAF inatiphunzitsanso kuti mudzi ukhoza kumanga kachipatala kamene boma lilibe namwino wokaikapo. Pamenepa khonsolo ili ndi udindo wake: wa zomangamanga ayendere maziko ndi denga, ndipo ntchito yofuna wantchito wa boma isavomerezedwe unduna wake usanalonjeze munthu. Milatho ikuluikulu ndi misewu zikhalebe za khonsolo.

Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono zinabwera mu 1998. Kuyambira pamenepo ma VDC ndi makomiti a chitukuko a m'madera (ma ADC) akhala akulemba mapulani a chitukuko, mapulaniwo n'kukagona ku ofesi ya bwanamkubwa, chifukwa komiti imapemphedwa maganizo koma sigwira ngakhale tambala. Malangizo a kayendetsedwe ka CDF amatuluka mu unduna wanu, a Nduna. Yambani ndi maboma ochepa m'zigawo zonse zitatu m'chaka cha boma chikubwerachi, a bungwe loona za chuma cha makhonsolo la NLGFC ayerekeze mtengo wa mjigo wokonzedwa ndi komiti ndi wa mjigo wokonzedwa ndi kontrakitala, ndipo zotsatira zake zisindikizidwe kuti aphungu, makhansala ndi mafumu adziwerengere okha.

Ine wanu mwaulemu,
Nzika ya dziko lino