Mkangano wa Baibulo umayambira pa woligwira

Anthu ambiri amene amatsutsa Baibulo amayamba ndi kukwiya ndi munthu woligwira asanafike pa mawu ake. Ku South Africa, mpingo wa Dutch Reformed unkagwiritsa ntchito nkhani ya nsanja ya Babele, ya pa Genesis 11, pophunzitsa kuti Mulungu anafuna kuti mitundu ikhale yopatukana, ndipo chiphunzitsocho chinachirikiza tsankho la apartheid kwa zaka zambiri. Munthu wakuda wa ku Soweto womva ulaliki wotere anali ndi chifukwa chomveka chokayikira bukulo. Wina anganene kuti cholakwa chili m'bukumo, popeza Aefeso 6 amauza akapolo kumvera ambuye awo. Mfundoyi ndi yolemera ndithu, ndipo mlaliki amene amailumpha ngati sanaione akungowonjezera nkhuni pamoto. Komabe bukuli ndi lomwenso linalimbitsa mtima bungwe la mipingo ya Reformed padziko lonse pamene linakumana ku Ottawa mu 1982, n'kugamula kuti apartheid ndi tchimo, n'kuimitsa mpingo uja, n'kusankhanso m'busa wotsutsa tsankholo, Allan Boesak, kukhala mtsogoleri wa bungwelo. Kuno kwathu nakonso John Chilembwe, amene anaukira atsamunda mu 1915, anali m'busa wa Baptist wophunzira ku America, ndipo matchalitchi ake a udzu ankawotchedwa m'minda ya Bruce ku Magomero ndi azungu amene nawonso ankadzitcha Akhristu.

— Mpenyi wa Pabwalo