Mwana Akajomba, Tiitane Yani?

Mphunzitsi aliyense amene wasungapo kaundula wa kalasi adziŵa mawu amene timanena mwana akajomba masiku ambiri, kapena akamabwera wopanda kope ndi cholembera: "Maŵa ubwere ndi makolo ako." Amene amafika kaŵirikaŵiri ndi amayi, mwina agogo, mwinanso atsibweni. Tikafunsa za abambo timamva kuti ukwati udatha ndipo adabwerera kwawo, kapena kuti ali ku Joni. Pamenepo timagwedeza mutu, nkhani nkutha. Ife tikuona kuti timalekeza msanga, pakuti lamulo la dziko lino sililekezera pamenepo.

Chimene chimatitseka pakamwa ndi mwambo, ndipo sitikuunyoza. Pakati pa Acheŵa, Ayao, Alomwe ndi Amang'anja, kumene kuli chikamwini, ana amaŵerengedwa a kuchikazi. Mwini mbumba ndiye mlongo wa amayi. Iye ndiye amaweruza nkhani za ana a mlongo wake, ndipo ukwati ukatha mkamwini amanyamula zake nkusiya ana pamudzi. Kale dongosolo limeneli linkasunga mwana, chifukwa chimene ankasoŵa chinali nsima, munda ndi malangizo, ndipo zonsezi mbumba inali nazo. Sukulu imafuna zina. Ngakhale fizi ya kupulayimale idathetsedwa mu 1994, makope, zovala ndi sopo zimagulidwabe ndi ndalama, ndipo atsibweni a masiku ano ali ndi ana awoawo oti awagulire. Motero bambo amati ana ali ndi eni ake, malume amati ana ali ndi bambo wawo, mwana nkumapita kukagwira ganyu.

Malamulo aakulu a dziko la Malaŵi, m'ndime 23, amanena kuti mwana ali ndi ufulu wodziŵa makolo ake ndi kuleredwa nawo, ndiponso wolandira chisamaliro choyenera kuchokera kwa iwo, kaya ali paukwati, kaya sadakwatirane, kaya adalekana. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la mu 2010 limaika pamapewa a kholo udindo wodyetsa mwana, kumuveka, kumuteteza ku nkhanza ndi kumulangiza. Lamulo la maphunziro la mu 2013 lidakhazikitsa kuti maphunziro a pulayimale ndi okakamiza. M'malamulo onseŵa mulibe mawu omasula mkamwini, ndiponso mulibe omasula mayi wa kumene amapereka malowolo, ngati kwa Atumbuka, Angonde ndi Asena, kumene ana amatsala kuchimuna. Kutha kwa ukwati kumalekanitsa akulu aŵiri, koma onse amakhalabe makolo.

Pali mfundo ina m'lamulo la mu 2010 imene aphunzitsi ambiri sitiidziŵa. Pakati pa anthu amene angathe kupempha bwalo la milandu ya ana kuti lilamule kholo kupereka chithandizo, mphunzitsi watchulidwa, pamodzi ndi achibale, apolisi ndi ogwira ntchito yoona za chisamaliro cha anthu. Sitikunena kuti tisiye choko nkuyamba kuyenda m'mabwalo. Mphunzitsi wa ana zana limodzi alibe nthaŵi imeneyo, ndipo amene angathamangire kukhoti asanalankhule ndi mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu, ankhoswe ndi anyakwawa, adzadana ndi mudzi wonse, mwana osapindula kanthu. Komabe bambo amene wauzidwa mwaulemu kuti udindo wake ndi wolembedwa m'lamulo amamva mosiyana ndi amene wangopemphedwa chifundo.

Ena adzati abambo ambiri ndi amphaŵi. Nzoona, ndipo lamulo lomwelo limati chisamaliro chikhale choyenera, sililamula munthu kupereka chimene alibe. Koma umphaŵi suletsa munthu kufika pasukulu kudzamva mmene mwana wake akuchitira. Apanso tiyenera kuyang'ana mbali ina ya nkhaniyi: kholo limene tikulikumbutsa udindo lili ndi malo ake m'moyo wa mwana. Bambo amene adachoka pamudzi akabwera kudzafunsa zotsatira za mayeso, tisamubweze chifukwa chakuti akuchikazi adakangana naye, pokhapokha bwalo litaletsa kapena pali chiopsezo kwa mwanayo.

Mphamvu ya kholo ili ndi malire ake. Kufikira mu 2017 malamulo aakulu ankalola mwana wa zaka 15 kuloŵa m'banja ngati makolo avomereza. Chaka chimenecho Nyumba ya Malamulo idachotsa chilolezocho, ndipo aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Choncho mtsikana wa Sitandade 7 akasoŵa m'kalasi, ife nkumva kuti akwawo adagwirizana zomukwatitsa, mgwirizanowo ulibe mphamvu, ngakhale atsibweni ndi abambo atalankhula chimodzi. Ngati ali ndi pakati, malo ake pasukulu adakalipo, monga mwa ndondomeko ya boma ya mu 1993 yolola atsikana kubwerera akabereka.

Poyambira pake ndi tsiku lolembetsa ana. Tisamangolemba dzina limodzi la amene wabwera naye. Tilembe la amayi, la abambo, la amene akumusunga, ndi mudzi wa aliyense. Amayi ena adzakana kutchula dzina la bambo, ndipo tisawaumirize pamaso pa anthu. Tiwaitanire padera tsiku lina.