Musanagule ampulifaya ya kaunjika, werengani kumbuyo kwake

Anthu akabwera ndi ampulifaya pakhonde pomwe ndimakonzera mawailesi pa Thekerani, funso lawo limakhala limodzi: “Amisiri, imeneyi ndi ya mawatsi angati?” Akomiti ya tchalitchi amafunsa zomwezo, anyamata a bandi chimodzimodzi, a disiko ya m'maukwati ndiye osanena. Wofunsa kuti ikufuna masipika a maomu angati, kapena kuti ikafa chipangizo chake chikapezeka kuti, sindimuona. Komatu mafunso awiri osafunsidwawa ndi amene akumaliza ndalama za anthu kuno.

Tsopano kwabweranso chilakolako china. Anyamata oyimba gitala aonera pa YouTube anzawo akunja akutamanda ampulifaya za mavalavu, zija zokhala ndi timabotolo tagalasi toyaka mofiirira mkati. Ndiye mbale akamanyamuka wa ku Johannesburg amamutuma kuti akafune ya kaunjika. Ine ndikuti, kwa ambiri a ife kuno kumapiri, kugula chinthu chimenechi n'kudziputira mavuto ndi ndalama zako zomwe. Ndipo amene watsimikiza mtima kuti zivute zitani agulabe, ayambe wadziwa kuwerenga zolembedwa kumbuyo kwake.

Sindikunyoza mawu ake, ayi. Ndi okoma. Komanso mavalavu si achilendo m'dziko muno monga anyamatawa akuganizira. Wailesi ya Saucepan Special, yomwe kampani ya Ever Ready inatulutsa mu 1949 kuti anthu a kuno kwathu azimvera nyumba youlutsira mawu ya ku Lusaka, inali ya mavalavu. Thiranzisita inapangidwa ku America mu 1947, ndipo itafala mawailesi anayamba kupepuka, kusadya mabatire komanso kupirira kugwa. Mawailesi a Nzeru opangidwa ku Blantyre analowa m'midzi chifukwa cha zimenezo. Amene anakakamira mavalavu ndi oyimba gitala akunja, chifukwa valavu ukayipanikiza imaswa mawu mofewa, mokomera khutu, pamene thiranzisita ikapanikizika imangokwecha. Zina mwa ampulifaya za mavalavu zotchuka ndi Vox AC30, Fender Twin Reverb komanso zomwe Jim Marshall anayamba kupanga ku London mu 1962.

Koma tamverani gitala yathu. Ya m'makwaya, ya rege ya ku Balaka, ya sungura imene timavina m'maukwati mpaka mbandakucha: yonseyi ndi gitala yoyera, yolira nsambo imodziimodzi. Kusweka kwa mawu komwe azungu amalipirira ndalama zankhaninkhani ife sitikufuna n'komwe. Ampulifaya imodzi yotchuka kwambiri padziko lonse pa mawu oyera, Roland JC-120 ya mu 1975, mulibemo valavu ngakhale imodzi. Nanga Allan Namoko wa kwathu kuno ku Thyolo, ndi Chimvu River Jazz Band yake, anagwedeza dziko ndi chiyani? Ndi banjo ndi mmero wake basi.

Ndiye tiyeni tione komwe chinthucho chikubwera kudzakhala. Twin Reverb imalemera pafupifupi makilo 30, ndipo mkati mwake muli magalasi. Imeneyo muimangirire pa njinga yamoto ya kabaza, itsike chigwa, ikwere chitunda, kukayimba ku chinkhoswe kuseri kwa phiri. Ikafika, magetsi ndi a jenereta yaing'ono yomwe ikuyendetsanso mababu ndi kiyibodi, kapena a sola odzera mu inveta. Valavu imadya moto ngakhale musakuyimba, chifukwa iyenera kukhala yotentha nthawi yonse. Kenaka kubwere chiperoni cha mu Juni ndi Julaye, chinyontho chilowe m'mabowo momwe mavalavu amakhala, dzimbiri liyambe. Onjezani mphemvu ndi makoswe, omwe amakonda pofunda.

Valavu imatha, siikhala muyaya. Zazikulu zija, EL34 kapena 6L6, zikafooka zimasinthidwa ziwiriziwiri zofanana mphamvu, ndipo nthawi zambiri pamafunika mmisiri woti atchune magetsi ake. Mafakitale opanga mavalavu atsala owerengeka, makamaka ku Russia, ku Slovakia ndi ku China. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mavalavu anasowa ndi kukwera mtengo ngakhale ku America komweko. Ife tinaonjezera pathu: kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Thiranzisita ndikhoza kuichotsa mu wailesi ina yakufa kapena kutuma munthu ku Limbe. EL34 ndituma ndani?

Pali china choyenera kuchinena mosabisa. Mkati mwa ampulifaya ya mavalavu mumayenda magetsi omwe akhoza kupyola 400V, ndipo makapasita amasunga moto umenewo ngakhale mwazula pulagi pakhoma. Mnyamata wozolowera kupisa chala mu wailesi ya mabatire asayerekeze kutsegula.

Tsopano nkhani ya masipika, yomwe ikukhudza aliyense, wa mavalavu ndi wa thiranzisita yemwe. Kumbuyo kwa sipika iliyonse yolongosoka kumalembedwa maomu ake: 4, 8 kapena 16. Kumbuyo kwa ampulifaya kumalembedwanso maomu amene ikufuna. Manambala awiriwa ayenera kugwirizana. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti masipika ukamawachulukitsa pa waya mmodzi, ofiira kwa ofiira, akuda kwa akuda, maomu sakwera koma amatsika. Awiri a maomu 8 amapanga 4. Anayi amapanga 2. Ndipo maomu akamatsika, katundu wa ampulifaya akulemera. Zili ngati kukweza anthu anayi pa njinga yamoto n'kuyilozetsa chitunda cha ku Thekerani: iyenda ndithu kwa kanthawi, koma fungo la injini likuuzani.

Tchalitchi china cha kufupi kuno chinasonkha ndalama pa pepa Sande n'kugula ampulifaya yabwinobwino, yolembedwa kumbuyo kuti isatsike pa maomu 4. Pa tsiku la chitsitsimutso, poti anthu anachuluka mpaka panja, anabwereka masipika ena awiri kwa mnyamata wa disiko n'kuwalumikiza pa awiri omwe analipo, onse a maomu 8. Ulaliki usanafike pakati, utsi. Atabwera nayo kwa ine, mkulu wa mpingo anati, “Amisiri, anatigulitsa yakuba mphamvu.” Ndinawauza kuti, “Abambo, wogulitsayo alibe mlandu. Munaisenzetsa maomu 2.” Akanalumikiza awiriawiri motsatizana, wofiira wa iyi kulowa kwa wakuda wa inayo, kenaka magulu awiriwo n'kuwaphatikiza, akanapeza maomu 8 ndipo chitsitsimutso chikanatha bwino.

Ya mavalavu ili ndi khalidwe lake losiyana, ndipo apa m'pamene ambiri ozolowera thiranzisita adzalirire. Ampulifaya ya thiranzisita mukhoza kuiyatsa popanda sipika, palibe chichitike. Ya mavalavu mukaiyimba popanda sipika, kapena waya wa sipika ukaduka pakati pa nyimbo, mphamvu imasowa kopita n'kubwerera mu thiransifoma yotulutsira mawu, n'kuiwotcha. Thiransifoma imeneyo ndi china mwa zipangizo zodula kwambiri m'bokosi lonselo. Ndiye ganizirani mmene timalumikizira mawaya kuno: kusenda ndi mano, kupota, kukulunga ndi pepala la pulasitiki, ana akudumpha pomwepo. Ampulifaya zambiri za mavalavu zimakhala ndi mabowo kapena kaswichi kosankhira 4, 8 ndi 16. Ikani pa nambala yeniyeni ya masipika anu. Ndipo waya wopita ku sipika ukhale wa sipika, wonenepa. Chingwe cha gitala chimalowa pa bowo lomwelo, koma kawaya ka mkati mwake n'kakang'ono, sikanapangidwire katundu ameneyo.

Za mawatsi, funso lokondedwa lija, ndinenepo pang'ono. Nambala yodalirika ndi yolembedwa RMS. Zija zolembedwa “5000W PMPO” pa kabokosi kopepuka koti mwana anyamula ndi dzanja limodzi n'zokopera makasitomala. Komanso kuwirikiza mawatsi kawiri sikuwirikiza phokoso kawiri. Kuti khutu limve kuti mawu akwera kawiri pamafunika mawatsi ochuluka pafupifupi kakhumi. Chimene chimasintha zinthu motsika mtengo ndi sipika. Sipika yolembedwa 100 dB pa ampulifaya ya mawatsi 25 imamveka mofanana ndi ya 97 dB pa ampulifaya ya mawatsi 50. N'chifukwa chake ndimauza akomiti kuti ndalama zambiri zipite ku masipika, osati ku bokosi la magetsi owalawala. Kwa ya mavalavu, masipika akhale opirira mawatsi oposa a ampulifayayo, chifukwa ikatsegulidwa mpaka kumapeto imatulutsa zoposa zolembedwazo.

Sipika ya gitala ndi sipika ya disiko si chinthu chimodzi. Ya gitala ilibe twita, ndipo inapangidwa dala kuti izidula mawu okwera kwambiri. Mukalowetsa ampulifaya ya gitala m'bokosi la disiko, mawu amalasa m'makutu. Mukalowetsa besi kapena kiyibodi mu sipika ya gitala, pepala lake siliona Khirisimasi. Zimkuzamawu zija zomangirira pamtengo, zoyendera ampulifaya za Ahuja zomwe zina zimalola ndi batire lomwe, nazonso zili ndi malumikizidwe akeake, musasakanize mwachisawawa.

Nanga amene akugulabe? Choyamba, werengani pomwe pamalowera magetsi. Athu ndi 230V, chimodzimodzi a ku South Africa ndi ku Britain. Yochokera ku America imafuna 120V, ya ku Japan 100V. Kusintha pulagi yokha n'kuipha tsiku lomwelo. Chachiwiri, musagule chinthu chomwe simunachimve. Chithunzi cha pa WhatsApp sichilira. Nyamulani gitala yanu, muyimbe theka la ola mpaka itenthe, chifukwa matenda ambiri amaoneka ikatentha. Nunkhizani pafupi ndi mathiransifoma. Fungo la vanishi wopsa silibisika. Suzumirani mavalavu akuluakulu muli mdima pang'ono: kawaya ka pakati kayenera kuyaka, koma chitsulo chozungulira chikafiira, zimitsani n'kubweza. Valavu yomwe kumutu kwake kwayera mbuu m'malo mwa kunyezimira ngati siliva yalowa mpweya, yafa. Tulutsani fyuzi muone. Mukapeza yakulungidwa ndi pepala la ndudu kapena kawaya, dziwani kuti inkapsa kawirikawiri ndipo mwini wake anatopa nayo.

Masipikawo ayeseni paokha. Kankhani pepala lake pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati; mukamva kukwecha, koyilo inapsapo. Gunditsani batire la tochi la 1.5V pa mawaya ake, pepalalo lidumphe. Ngati muli ndi mita, sipika ya maomu 8 imaonetsa pafupifupi 6, ndipo zimenezo n'zabwinobwino. Ikaonetsa 3, ndi ya maomu 4 ngakhale cholembedwacho chinene zina, pakuti masipika ambiri a kaunjika anawayindidwapo kale ndi amisiri anzanga.

Wina anena kuti ndikufooketsa achinyamata, kuti mwana wa ku Thekerani nayenso ali ndi ufulu wofuna mawu omwe akumva m'malekodi akunja. Zoona, ali nawo. Amene ali ndi situdiyo, magetsi okhazikika ndi denga losadontha, agule. Ndipo ngakhale iyeyo ndingamulangize yaing'ono ya mawatsi 15, yokhala ndi sipika yake m'bokosi momwemo kuti nkhani ya maomu ithere ku fakitale. Akafuna kumveka pabwalo, ayike maikolofoni patsogolo pake n'kudutsitsa mu mikisa. Koma bandi yoyenda pa kabaza ndi kwaya yodalira jenereta ya mlamu, apeze ampulifaya ya thiranzisita, masipika awiri a maomu 8 osawayindidwapo, waya wonenepa ndi sitebulaiza. Ndalama yotsala agule nsambo.