Mlongoti wa sitima ndi masamu amene tinkawathawa

Pali kabokosi kena m'masewera apakompyuta a sitima zankhondo zoyenda pansi pa madzi kamene kamandiwawa mtima. Mu Silent Hunter III, amene kampani ya Ubisoft inatulutsa mu 2005, wosewera angathe kusankha kuti kompyuta izimuwerengera zonse. Akangoloza sitima ya adani, mtunda wake, liwiro lake ndi kumene ikulowera zalowa kale m'makina, iye n'kungodina batani, torpedo n'kunyamuka. Inunso muvomereza kuti apa munthu wagula mango n'kupatsa mnzake kuti amudyere. Kukoma konse kwa masewerawa kuli pa funso limodzi: sitima ikuoneka ukoyo ili patali bwanji?

Yankho lake lili mu thirayango imene aliyense wofika Fomu 3 anaijambulapo. Kaputeni amasuzumira mu periscope, chitoliro chokhala ndi magalasi chija chimene chimatulukira pamwamba pa madzi. Amazindikira kaye mtundu wa sitimayo, n'kutsegula buku lomwe limamuuza kutalika kwa mlongoti wake kuchokera pamadzi. Kenaka amayeza ngodya ya pakati pa nsonga ya mlongoti ndi pamene sitima yakhudza madzi, powerenga timizere ta pagalasi kapena pogwiritsa ntchito stadimeter, chipangizo chimene Bradley Fiske wa gulu lankhondo la pamadzi la America anapanga m'zaka za m'ma 1890. Chipangizochi chimaonetsa sitima ziwiri, yeniyeni ndi chithunzithunzi chake, ndipo munthu amapotokola kachitsulo mpaka pansi pa ina pakhudze nsonga ya mlongoti wa inzake. Akagawa kutalika kwa mlongoti ndi tan ya ngodyayo, mtunda wapezeka. Mlongoti wa mamita 25 ukaoneka pa digiri imodzi, sitima ili pa mamita pafupifupi 1,430.

Koma taonani chimene chimachitika mafunde akamagwedeza periscope, madzi n'kumakhavukira pagalasi. Diso likangophonya pang'ono, m'malo mwa digiri imodzi n'kuwerenga 0.9, mtunda wasanduka mamita 1,590. Munthu akasokoneza mtundu wa sitima, n'kuyesa kuti mlongoti ndi wa mamita 30, yankho likhala 1,720. Masamu sanalakwike pena paliponse, cholakwika ndi chimene walowetsamo. Apa ndi pamene dandaulo langa lakalekale limadzuka. Kusukulu mwana amapatsidwa ngodya yoyezayeza kale, kutalika kwa mtengo kolembalemba kale, iye n'kuloweza pamtima kuti sin, cos ndi tan amayendera mbali ziti, mayeso akatha n'kuiwala. Palibe amamutuma kukayeza yekha ndi manja onjenjemera, n'kumufunsa kuti yankho lakelo angalikhulupirire mpaka pati. Ndiye tidabwe bwanji akakula n'kumafunsa kuti masamu aja ntchito yake inali yotani? Masewera amene akanamuphunzitsa kukayikira nambala yake, kabokosi kaja kakuwalanda mphamvu.

Ena anena kuti makaputeni enieni sankakhala ndi pensulo n'kumagawa manambala adani ali pakhomo, ankadalira makina. N'zoona. Sitima za America pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zinali ndi Torpedo Data Computer, za Germany zinali ndi makina awo otchedwa Vorhaltrechner. Komatu makinawo analibe maso. Ankangowerengera zimene munthu wa pa periscope wawauza, ndipo akawauza zabodza ankabweza zabodza mwaukhondo. N'chifukwa chake, ngakhale makinawa asanabwere, mu 1917 Norman Wilkinson wa ku Britain anayambitsa zopenta sitima mizeremizere yosokoneza. Cholinga sichinali kubisa sitima, koma kuti wosuzumirayo alephere kudziwa kumene yalozetsa mphuno. Boma silikanawononga utoto wochuluka chotero ngati diso la munthu likanakhala lopanda ntchito.

Chotsutsa champhamvu chimachokera kwa akatswiri a masewerawa. Iwo amati kuvutika ndi mlongoti n'kutaya nthawi, chifukwa torpedo ikaponyedwa molunjika osakhota, mtunda sulowa n'komwe m'chiwerengero. Akunena zoona. Sitima ikamayenda pa ma knot 8, torpedo ya Germany yotchedwa G7e pa ma knot 30, njira zawo n'kumadutsana mopingasa, munthu amangotsogoza ndi madigiri pafupifupi 15. Kaya sitima ili pafupi kaya patali, thirayango imangokula koma ngodya zake sizisintha. Komabe amene wamvetsa zimenezi wamvetsa trigonometry kuposa amene anangoloweza, ndipo sakanafikapo akanasiyira kompyuta. Chinanso, liwiro la ma knot 8 lija analipeza kuti? Njira yodziwika ndi kulemba pamapu pamene sitima ili, kudikira mphindi 3 ndi masekondi 15, n'kulembanso. Popeza knot imodzi ndi mamita 1,852 pa ola, mamita 100 alionse amene sitima yayenda pa nthawiyo ndi knot imodzi. Koma madontho awiriwo simungawaike pamapu osadziwa mtunda. Mlongoti uja wabwereranso.

Ndipo mtunda ndi umene umakulitsa cholakwa chilichonse. Mukaphonya liwiro ndi knot imodzi yokha muli pa mamita 1,000, torpedo imayenda masekondi 65, n'kufika mamita 33 kuchokera pamene munalinga. Sitima ya katundu ngati za mtundu wa Liberty, zotalika mamita pafupifupi 135, imagundidwabe. Cholakwa chomwecho pa mamita 3,000 chimasanduka mamita 100, torpedo n'kudutsa kumbuyo kapena kutsogolo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wosewera amene wawerengapo yekha manambalawa amadziwa chifukwa chake ayenera kukwawa pang'onopang'ono kwa ola lathunthu kuti ayandikire, pamene mnzake wa kabokosi amaponya ali kutali n'kumadzitama. Otto Kretschmer, kaputeni wa sitima ya Germany yoyenda pansi pa madzi yotchedwa U-99, ankalowa usiku pakati penipeni pa gulu la sitima za katundu ali pamwamba pa madzi, n'kumaponya ali pafupi kwambiri, torpedo imodzi pa sitima imodzi.