CILANGO CITSATE MTIMA

Mseu waukuru wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata upita pa Sinda ndi pa Katete. Galimoto ikagunda munthu pamseu wotere, nthawi zina khamu lithamangira woyendetsayo ndi miyala lisanafunse kanthu. Mau a khamu ndi amodzi: mwazi ndi mwazi, wapha aphedwe. Mau amenewa amveka ngati cilungamo, koma ndi ulesi wa maganizo, pakuti ayang'ana mtembo wokha naleka kuyesa munthu amene wagwidwayo.

Pakhale amuna awiri. Wina alikudula mtengo m'munda, nkhwangwa iguluka mumpini, nikantha mlamu wace, iye nafa. Wina athira mankhwala akupha m'mowa wa mnansi wace, koma madotolo a pa cipatala ca St Francis amcira msanga mnansiyo. Lamulo loyang'ana cocitika cokha likadalanga woyambayo koopsa ndi kumasula waciwiriyo, popeza palibe maliro. Nanga mwa awiriwa, ndani amene mudzi uyenera kumuopa? Woyambayo adzalira moyo wace wonse; waciwiriyo adzayesanso mawa.

Malamulo a Zambia anasankha bwino pamenepa. Buku la malamulo a zilango, Penal Code, limene linayamba kugwira nchito m'Northern Rhodesia mu 1931, lilekanitsa kupha mwadala, pa gawo 200, ndi kupha kosalinga, pa gawo 199. Woyesa kupha angathe kulowa m'ndende moyo wace wonse, ngakhale womfunayo ali moyo. Cilango ca imfa cinacotsedwa mu December 2022, koma kusiyana kumeneku kunatsala. Ndiponso lamulo silikhululukira wosasamala: woyendetsa galimoto ataledzera sanafune kupha, inde, koma anasankha yekha kusewera ndi moyo wa anzace, ndipo kusankhako ndiko kumtsutsa.

Otsutsa ali ndi mau amphamvu. Iwo ati, "Mtima wa mnzako ndi tsidya lina; woweruza adzaolokerako bwanji?" Funso limeneli n'loona, ndipo makolo analidziwa. Pofuna kuona za m'mtima anamwetsa anthu mwabvi: wosanza anayesedwa wosalakwa, wakufa anayesedwa mfiti. Koma khungwa la mtengo silidziwa mtima wa munthu, ndipo osalakwa anatha nalo. Lamulo la za ufiti la 1914 linaletsa mwambo umenewo. Phunziro lace ndi ili, kuti mtima suwerengedwa ndi ula, kapena maloto, kapena manong'onong'o a pamudzi. Uwerengedwa ndi mapazi amene unasiya. Kodi munthuyo anagula liti mankhwalawo? Ananola mpeni dzulo lace? Anaopseza pamaso pa mboni? Atagwa mnzace, iye anathawa kapena anamnyamula? Mboni zikayankha mafunso otere, tsidya lija laoloka. Zikalephera, munthu asalangidwe cifukwa ca nkhope yace yokwiya, pakuti maganizo osabala nchito sali mlandu.

Otsutsa anenanso kuti, "Nanga ofedwa? Mwana wamasiye sadya kusalinga kwa wopha atate wace." Apa pali nzeru ya makolo imene ophunzira sayenera kuinyoza. Pabwalo la mfumu, m'dziko la Kalonga Gawa Undi, mau akuru anali lipo: woononga abweze, kuti mabanja awiri amwerenso citsime cimodzi. Lipo ndi cilango ndi zinthu ziwiri. Lipo litseka bala la wolakwiridwa, cifukwa cace liyenera kulingana ndi kukula kwa balalo, kaya linadza mwadala kaya mwangozi. Cilango ciyesa wolakwa, cifukwa cace ciyenera kulingana ndi cimene iye anafuna. Mwini nkhwangwa athandize ana a mlamu wace, koma asaponyedwe m'cipinda cimodzi ndi wothira mankhwala.

Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu ndiwo adzakhala alembi a m'mabwalo a milandu, apolisi, mboni ndi aphungu a mafumu. Tsiku lina khamu lidzapfuula pamaso pao, litagwira miyala. Nchito yao pa tsikulo idzakhala kufunsa funso limene khamu lidana nalo: kodi munthuyu analinga ciani? Amene aopa kulifunsa akumbukire kuti nkhwangwa iguluka m'manja mwa ali yense.