Getsi lofiira likaphethira, imani

Ana anga, sabata ino ndalandira kalata kuchokera kwa mayi wina wa kwa Likoswe ku Chiradzulu. Akuti: “Amayi, ndili ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu. Bambo a kunyumba anasiyiridwa Peugeot 504 ndi malemu bambo awo. Pa dashibodi pali kagetsi kofiira kamene kamayaka n’kuzima. Iwo akuti ndi mawaya chabe, ndipo amatapo selotepi. Ine ndikuopa kuti tsiku langa likadzakwana usiku tidzafera panjira yopita ku Nguludi. Ndikalankhula akuti za galimoto sindizidziwa. Nditani?”

Zikomo mwanawe. Ine si makanika, koma zaka zimene ndinagwira unamwino ndinaona ana ambiri ofika mochedwa chifukwa thupi linkatentha n’kuzizira, makolo n’kumati wachira. Malungo amatero. Chizindikiro chobwera n’kupita ndi chizindikiro ndithu, ndipo selotepiyo ili ngati panado: abisa kutentha, matenda ali pomwepo.

Tsono inu bambo, tamverani. Peugeot 504 inayamba kupangidwa mu 1968. Galimoto za nthawi imeneyo zilibe kompyuta yokuuzani chavuta, choncho mufufuze nokha. Choyamba, matulani selotepiyo muone kuti getsilo ndi la chiyani. Kenako lembani nthawi imene limayakira: pokhota, poponda buleki, pa mabampu, kapena injini ikatentha galimoto itaima.

Ngati ndi la oyilo, musapitirize ulendo. Imani pamalo osatsetsereka, zimitsani injini, dikirani mphindi zingapo, muyeze ndi kachitsulo kaja. Getsi loyaka pokhota kapena poponda buleki nthawi zambiri limatanthauza kuti oyilo wachepa, akuthawira mbali imodzi, pampu n’kumakoka mpweya. Thirani wina, musuzumirenso pansi ngati akudontha. Ngati oyilo ali wokwana, onani waya wopita pa kaswitchi ka oyilo pambali pa injini. Ukapekesuka n’kumagunda chitsulo, getsi limaphethira pa mabampu. Koma likamayaka injini itatentha, n’kuzima mukaponda mafuta, pitani kwa makanika ayeze mphamvu ya oyilo ndi geji. Mwina ndi kaswitchi kotsika mtengo, mwinanso pampu kapena mabeyaring’i aperepeseka. Kuyenda choncho ndiko kunokesa injini.

Ngati ndi la batire, yambani ndi fanibeluti. Injini itazima, ikanikizeni ndi chala. Ikakhala yolenda kapena yong’aluka, alitaneta satchaja bwino. Pa galimoto zakalezi lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi, ndiye akaduka injini imawira. Onaninso mitu ya batire ngati yachita zoyera zija, ndi waya wa efi ngati wamangika. Zonsezi zikakhala bwino, mabulashi a alitaneta angakhale atatha. Usiku, nyali zili choyaka, batire losatchajidwa silifika patali.

Ngati ndi la mabuleki, onani ngati handibuleki yatsikiratu, kenako muone mafuta a mabuleki m’kabotolo kake. Akachepa, ndiye kuti mapadi atha kapena pena pakudontha. Apa musangowonjezera n’kunyamuka ayi, makanika aone. Misewu yathu yafumbi nthawi ya dzinja simasewera.

Iwe mwanawe, usakangane nawo pagulu. Mwamuna akakhala ndi galimoto ya malemu bambo ake, kuinena kumamupweteka ngati ukunena iwowo. Dikira adye, mtima uli m’malo, uwauze kuti: “Bambo, galimotoyi ndiyo idzanyamule mwana wanu, tiyeni tiisamale monga ankachitira apongozi.” Ndalama ya makanika muichotse pa zokonzekera mwana, chifukwa ulendowo ndi mbali ya kukonzekerako.

Komanso usadalire galimoto imodzi. Sunga nambala ya munthu wina wa galimoto m’mudzimo ndi kandalama ka mafuta. Ku sikelo ufunse za chidikiro, ukadikirire pafupi ndi chipatala masiku akayandikira. Ukaona magazi, mutu wopweteka kwambiri, kutupa nkhope, kapena mwana wasiya kugunda, pita tsiku lomwelo, osadikira kuti uone ngati zisiye zokha.

Kwa inu bambo, amene wayamba kuona getsilo ndi mkazi wanu. Akuluakulu anati samva za anzake anamva nkhwangwa ili m’mutu. Mawa Lolemba, galimotoyo ikaonedwe.